Mmene Mungasankhire Dzina la Domeni Kuti Webusaiti Yanu Izipezeka Mosavuta

Munthu amene akufuna kutsegula webusaiti amayamba ndi funso looneka laling'ono, loti adiresi yake ikhale yotani, ndipo kawirikawiri amaliyankha mopupuluma akangoona kuti mayina awiri kapena atatu amene anali nawo m'maganizo anatengedwa kale ndi anthu ena. Komatu dzina la domeni, lomwe ndi adiresi ya webusaitiyo pa intaneti, ndi limene limavuta kwambiri kulisintha webusaiti ikayamba kudziwika. Maonekedwe a masamba mungawasinthe mwezi uliwonse, ndipo kampani yokusungirani webusaiti mungaisiye n'kupita kwina owerenga osazindikira n'komwe, koma dzina limakhala litalowerera kale m'malinki a anthu ena, m'maimelo, m'mapepala a malonda ndiponso m'mitu ya anthu amene anazolowera kukupezani pamenepo.

Chinthu choyamba kuchimvetsa, ngakhale kuti ogulitsa madomeni sakonda kuchinena, n'chakuti dzina palokha silikweza webusaiti pa Google kapena pa Bing. Kale zinkathekadi. M'zaka zoyambirira, munthu ankangolembetsa dzina lofanana ndendende ndi mawu amene anthu amalemba akamafufuza chinthu, mwachitsanzo dzina lotanthauza kuti "nsapato zotsika mtengo", n'kuikapo masamba ochepa opanda mfundo zenizeni, ndipo webusaitiyo inkatha kuoneka pamwamba pa zotsatira. Mu Seputembala 2012 kampani ya Google inasintha kasanjidwe kake n'cholinga choti mawebusaiti osathandiza amene ankadalira dzina lokha atsike. Masiku ano malangizo amene Google imapereka kwa oyamba kumene amanena poyera kuti mawu amene ali m'dzina la domeni pawokha sathandiza kwenikweni pa kasanjidwe ka zotsatira. Mudzaonabe mawebusaiti a mayina oterewa ali pamwamba, koma mukafufuza bwino mudzapeza kuti chimene chinawakweza ndi nkhani zabwino ndiponso malinki ochokera ku mawebusaiti ena odalirika, osati dzinalo.

Izi sizikutanthauza kuti dzina n'lopanda ntchito. Limagwira ntchito yake kudzera mwa anthu. Munthu akaona mawebusaiti khumi pa tsamba la zotsatira, amadina limene dzina lake likuoneka lodalirika kapena limene analimvapo. Akasangalala ndi zimene wawerenga, mawa lake amalemba dzinalo m'bokosi lofufuzira kuti akupezeninso, amalitchula kwa mnzake, kapena amaika linki pa webusaiti yake. Zinthu zimenezi ndi zimene zimamanga mbiri ya webusaiti pang'onopang'ono, ndipo zonse zimadalira ngati dzinalo ndi lokumbukika komanso losavuta kulemba. Choncho funso loyenera kudzifunsa si lakuti dzina liti lingakondweretse makina ofufuzira, koma lakuti dzina liti munthu angalimve kamodzi n'kulilemba molondola patapita sabata.

Kupeza dzina lenilenilo

Yambani ndi kulemba mayina ambiri, makumi awiri kapena kuposa, musanayang'ane n'komwe ngati alipo. Mukamafufuza dzina lililonse pamene mwangoliganizira, mumatopa msanga n'kuvomera choipa. Pa mndandandawo ikanipo mitundu itatu: dzina la bizinesi kapena bungwe lanu monga mmene liliri, dzina limene likufotokoza ntchito yanu, ndiponso dzina limene likuphatikiza mawu apadera ndi liwu limodzi lofotokoza ntchitoyo. Ine ndimaona kuti mtundu wachitatuwu ndi umene umathandiza anthu ambiri amene angoyamba kumene, chifukwa liwu lapaderalo limakusiyanitsani ndi ena pamene liwu lofotokoza ntchito limauza mlendo zimene angapeze akadina.

Dzina lofotokoza ntchito yokha lili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti simungalitenge kukhala lanulanu: munthu akalemba mawu wamba aja m'bokosi lofufuzira, makina sangadziwe ngati akufuna inuyo kapena akufuna aliyense wogulitsa chinthucho, ndipo adzamuonetsa opikisana nanu akuluakulu pamodzi ndi inu. Wachiwiri ndi wakuti limakupanikizani ntchito ikakula. Wogulitsa nsapato amene anaika liwu lakuti nsapato m'dzina lake amavutika tsiku limene wayamba kugulitsanso zikwama ndi malamba. Kampani ya Amazon inayamba ndi kugulitsa mabuku okha, ndipo ikanadzitcha dzina la mabuku ikanafunika kulisintha kalekale. Dzina lakuti Google nalonso silinena chilichonse chokhudza kufufuza. Domeni yake inalembetsedwa pa 15 Seputembala 1997, ndipo tanthauzo limene dzinalo lili nalo lero linabwera chifukwa cha ntchito imene makinawo ankagwira.

Mukakhala ndi mndandanda, yesani dzina lililonse ndi pakamwa. Imbirani munthu foni, mumuuze dzinalo kamodzi popanda kumutchulira chilembo chimodzichimodzi, ndipo mumupemphe kuti akulembereni zimene wamva. Chitani zimenezi ndi anthu atatu kapena anayi amene sadziwa za ntchito yanu. Ngati awiri alakwitsa malo amodzimodzi, vuto si lawo, ndi la dzinalo. Mayeso amenewa amaulula msanga zilembo zimene anthu amazisinthanitsa, monga l ndi r, kapena c ndi k, komanso malo amene liwu loyamba likuthera pa chilembo chimene liwu lachiwiri likuyambira, moti anthu sadziwa ngati alembe chimodzi kapena ziwiri. Kenako lembani dzinalo m'zilembo zazing'ono zokhazokha, mawu onse atalumikizana, n'kuliwerenga ngati munthu amene sakudziwa pamene liwu lililonse likuthera, chifukwa mawu awiri abwinobwino akagundana nthawi zina amabala liwu lachitatu lochititsa manyazi.

Malamulo a kalembedwe ka domeni ndi ochepa koma ndi okhwima. Dzina wamba limalola zilembo kuyambira a mpaka z, manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndi kamzere kolumikiza mawu, kamene sikaloledwa kukhala koyambirira kapena komalizira. Palibe kusiyana pakati pa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Chigawo chimodzi cha dzina, kutanthauza zimene zili pakati pa timadontho, sichingapitirire zilembo 63, ngakhale kuti dzina lofika theka la pamenepo latalika kale mopitirira muyeso. Kachizindikiro kam'mwamba kamene timalemba mu ng' sikaloledwa konse, ndipo apa pafunika kusamala chifukwa kukachotsa kumasintha liwu: ng'oma yoimba ikataya kachizindikiroko imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire. Zilembo zokhala ndi zizindikiro pamwamba zimatheka kudzera m'njira yotchedwa IDN, imene imasandutsa dzinalo kukhala mtundu wina woyamba ndi xn--, koma si mathero onse a domeni (monga .com kapena .org) amene amalola chilembo chilichonse, ndipo anthu ambiri sadziwa pamene chilembocho chili pa kiyibodi ya foni yawo. Ngati dzina lanu lili ndi chilembo chotere, lembetsani mtundu wopanda chizindikirowo kuti ukhale adiresi yeniyeni.

Za kamzere ndi manambala tinene mwachidule. Makina ofufuzira salanga dzina chifukwa chakuti lili ndi kamzere, koma anthu amakaiwala, ndipo akakaiwala amakafika pa webusaiti ya mwini dzina lopanda kamzere. Dzina la timizere titatu kapena tinayi limaonekanso ngati la mawebusaiti achinyengo, moti ena amaopa kulidina. Nambala nayo imadzetsa funso loti ilembedwe ngati 4 kapena m'mawu.

Mathero a dzina

Chigawo chimene chili kumapeto, pambuyo pa kadontho, ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama chifukwa cha malonjezo abodza. Domeni yoyamba ya .com, yomwe ndi symbolics.com, inalembetsedwa pa 15 Malichi 1985, ndipo kwa zaka zambiri mathero anali ochepa: .com, .org, .net, ena angapo, ndiponso a mayiko. Mu 2012 bungwe la ICANN, limene limayang'anira dongosolo la mayina a pa intaneti, linatsegula khomo loti makampani apemphe mathero atsopano, ndipo kuchokera pamenepo pabwera oposa 1,000, monga .shop, .online, .app ndi .news. Mu Julaye 2015 Google inafotokoza kuti mathero atsopanowa imawaona mofanana ndi .com kapena .org, ndipo kuti liwu limene lili m'matherowo silikweza kapena kutsitsa webusaiti. Choncho wina akakuuzani kuti sitolo ya pa intaneti imaoneka pamwamba ikakhala ndi .shop, dziwani kuti akungofuna kukugulitsani dzinalo.

Komabe makina akamaona mathero onse mofanana sizitanthauza kuti anthu amateronso. Zala za anthu ambiri zinazolowera .com. Mu 2011 kampani ya ku America ya Overstock inayesa kudzitcha O.co, koma patangopita miyezi yochepa inabwerera m'mbuyo chifukwa makasitomala ambiri ankalemba o.com, adiresi imene sinali yake. Phunziro lake kwa inu n'lakuti musanasankhe mathero ena, yang'anani kaye amene ali ndi dzina lomwelo pa .com. Ngati ndi kampani yochita ntchito yofanana ndi yanu, lisiyeni dzinalo, chifukwa ena mwa anthu amene mudzawaitana ndi ndalama zanu azikathera kwa iyeyo, ndipo maimelo ena opita kwa inu azisochera komweko. Onaninso mtengo wa chaka chachiwiri osati wa chaka choyamba chokha, popeza mathero ena atsopano amagulitsidwa motsika kwambiri poyamba kenako mtengo wake n'kukwera kangapo pa nthawi yolipiranso.

Mathero a mayiko, amene amakhala ndi zilembo ziwiri, ndi okhawo amene amakhudzadi mmene makina ofufuzira amakuonerani. Adiresi yothera pa .de imauza Google kuti webusaitiyo ndi ya anthu a ku Germany, ya .za ndi ya ku South Africa, ndipo ya .ke ndi ya ku Kenya. Ngati anthu amene mukufuna kuwafikira ali m'dziko limodzi, mathero a dzikolo ndi chisankho chabwino, chifukwa amathandiza makina kudziwa kumene webusaitiyo ikuyenera kuonekera ndipo eni dziko amawakhulupirira. Koma ngati mukuyembekezera owerenga kapena ogula ochokera m'mayiko ambiri, mathero omwewo angakupanikizeni. Pali ena ochepa amene Google imawaona ngati a dziko lililonse chifukwa anthu anawagwiritsa ntchito kwambiri mosaganizira dziko lake: .co ndi wa dziko la Colombia, .tv ndi wa Tuvalu, .me ndi wa Montenegro, .ai ndi wa Anguilla, ndipo .io ndi wa British Indian Ocean Territory. Kumbukirani kuti dziko lililonse limaika malamulo ake pa mathero ake, moti mayiko ena amafuna kuti wolembetsa akhale nzika kapena akhale ndi adiresi m'dzikomo, ndipo malamulowo angasinthe inu osafunsidwa.

Fufuzani mbiri ya dzina musanalipire

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, koma ndi pamene dzina lingawonongedi kupezeka kwanu. Dzina limene likuoneka kuti lilibe mwini lero likhoza kukhala kuti linali ndi eni ake atatu m'zaka zapitazi, ndipo zimene iwo anachita nalo sizifufutika tsiku limene inu mwaligula. Ngati linagwiritsidwa ntchito pofalitsa mapulogalamu owononga makompyuta, potumiza maimelo achinyengo, kapena pogulitsa malinki, likhoza kukhala lidakali pa mindandanda ya madomeni okayikitsa, ndipo maimelo anu oyamba akhoza kumagwera m'bokosi la zinyalala la amene mwawalembera.

Kufufuzako sikutenga nthawi yaitali. Pitani pa Wayback Machine, malo a bungwe la Internet Archive amene amasunga zithunzi za masamba akale, mulembe dzinalo n'kuona zimene zinalipo chaka ndi chaka. Mukaona kuti webusaiti ya sukulu kapena ya kagulu ka anthu inasanduka mwadzidzidzi ya juga kapena ya mankhwala okayikitsa, m'chinenero china, ndiye kuti dzinalo linagwera m'manja mwa anthu ofuna kudyerera malinki ake akale. Kenako lembani dzinalo pa Google, poyamba lili lokha kenako mutayamba ndi site: kutsogolo kwake, kuti muone zimene anthu analembapo za dzinalo ndiponso masamba amene akadali m'kaundula wa makinawo. Tsamba la ICANN Lookup limasonyeza tsiku limene domeni inalembetsedwa, tsiku limene idzathe ndi kampani yogulitsa madomeni imene mwini wake analembetsako, ngakhale kuti dzina la mwini wake nthawi zambiri limabisidwa kuyambira pamene lamulo la ku Ulaya loteteza chinsinsi cha anthu, la GDPR, linayamba kugwira ntchito mu 2018. Mukagula, lembetsani domeniyo pa Google Search Console, chida cha Google chosonyeza mwini webusaiti mmene ikuonekera pa zotsatira, tsiku lomwelo, musanaikepo chilichonse, ndipo muone ngati pali chilango chimene antchito a Google anaika pa dzinalo. Chikakhalapo mungapemphe kuti achiunikenso pofotokoza kuti ndinu mwini watsopano, koma yankho limatenga nthawi.

Ena angakulangizeni kugula dala domeni yakale imene inatha nthawi kuti mulandire mphamvu ya malinki ake. Ukalamba wa domeni pawokha suthandiza, ndipo antchito a Google akhala akubwereza mfundo imeneyi kwa zaka zambiri. Kuwonjezera apo, mu Malichi 2024 Google inaika m'malamulo ake oletsa chinyengo mchitidwe wogula domeni yotha nthawi n'kuikapo nkhani zosathandiza pofuna kudyerera mbiri ya mwini wakale. Kugula dzina lakale chifukwa chakuti likugwirizanadi ndi ntchito yanu si mlandu. Cholakwika ndi kuligula kuti munamize makina.

Fufuzaninso ngati dzinalo silikufanana ndi chizindikiro cha malonda cholembetsedwa ndi kampani ina. Kuyambira mu 1999 pali ndondomeko ya ICANN yotchedwa UDRP, imene mwini chizindikiro angagwiritse ntchito polanda domeni popanda kupita kukhoti, ndipo milandu yambiri yotere imaweruzidwa kudzera ku bungwe la WIPO la ku Geneva, loona za umwini wa zizindikiro za malonda ndi luso. Wodandaula amafunika kusonyeza zinthu zitatu: kuti dzinalo ndi lofanana kapena losokoneza poyerekeza ndi chizindikiro chake, kuti inuyo mulibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndiponso kuti munalilembetsa n'kumaligwiritsa ntchito ndi mtima wachinyengo. Kuwonjezera liwu limodzi pa dzina la kampani yotchuka, kapena kusintha chilembo chimodzi, ndi njira yachidule yotayira domeni pamodzi ndi ntchito yonse imene munaigwira pamenepo.

Kulembetsa ndi kusunga

Domeni siigulidwa kotheratu. Imabwerekedwa kwa chaka chimodzi kapena kuposa, ndipo pa mathero ngati .com malire ake ndi zaka 10 nthawi imodzi. Onetsetsani kuti yalembedwa m'dzina lanu kapena la bungwe lanu, pa akaunti imene inuyo muli ndi mawu ake achinsinsi. Anthu ambiri amasiyira zonse munthu amene akuwapangira webusaiti, ndipo amadzazindikira patapita zaka, atasemphana naye maganizo kapena atasowa, kuti m'kaundula mwini domeni ndi iyeyo. Imelo imene mwalembetsera isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa domeniyo ikatha nthawi imeloyo imasiyanso kugwira ntchito, ndipo makalata okuchenjezani sangakufikeni. Tsegulani njira yolipira yokha chaka chilichonse, ndipo khadi la kubanki likasintha mukumbukire kusinthanso pamenepo.

Domeni ya .com ikatha nthawi siipita kwa ena tsiku lomwelo. Kampani yolembetsa imatha kuisunga mpaka masiku 45, kenako pamabwera masiku 30 amene mungaiwombole polipira ndalama zambiri kuposa za masiku onse, ndipo pomaliza pamakhala masiku 5 odikira kufufutidwa. Koma musadalire masiku amenewa. Webusaiti imazima kumayambiriro kwa nyengoyi, makina ofufuzira akabwera kangapo osaipeza amayamba kuchotsa masamba ake m'zotsatira, ndipo makampani ena amagulitsa pamsika mayina otha nthawi asanafufutidwe n'komwe.

Sikofunika kugula mathero onse a dzina lanu. Awiri kapena atatu amene anthu angasokoneze nawo mosavuta ndi okwanira, pamodzi ndi kalembedwe kolakwika kamene kanaonekera pa mayeso a pa foni aja. Onsewa alozetseni ku adiresi imodzi pogwiritsa ntchito njira ya 301, imene imauza makina kuti tsamba linasamukiratu. Musaike nkhani zofanana pa madomeni angapo poganiza kuti muzioneka kawiri, chifukwa makina amasankha imodzi n'kubisa zinazo, ndipo malinki a anthu amagawanika m'malo mosonkhana pamodzi. Chimodzimodzinso adiresi yoyamba ndi www ndi yopanda www: zonse ndi zabwino, koma sankhani imodzi kuti inayo izilozera kumeneko. Ikaninso satifiketi ya HTTPS, imene imateteza uthenga wodutsa pakati pa webusaiti ndi owerenga, kuyambira tsiku loyamba, popeza Google inalengeza mu Ogasiti 2014 kuti imaiwerengera pa kasanjidwe ka zotsatira, ngakhale pang'ono, ndipo bungwe la Let's Encrypt limaipereka kwaulere.

Ngati muli kale ndi domeni imene ikugwira ntchito ndipo mwaona kuti ili ndi zina mwa zofooka zimene tatchulazi, musathamangire kusintha. Kamzere kamodzi kapena mathero osazolowereka si chifukwa chokwanira chosamukira, chifukwa kusamuka kulikonse kumagwedeza malo anu pa zotsatira kwa masabata angapo, ndipo pa webusaiti yaikulu nthawiyo imatalika. Zifukwa zomveka ndi monga kusintha kwa dzina la bizinesi, mkangano wa chizindikiro cha malonda, kapena mbiri yoipa imene yakanika kuyeretsedwa. Makampani akuluakulu nawonso anasamukapo: Facebook inayamba ngati thefacebook.com ndipo inagula facebook.com mu 2005. Mukatsimikiza kusamuka, lembani mndandanda wa masamba onse akale ndipo lililonse mulilozetse ndi 301 ku tsamba lofanana nalo pa domeni yatsopano, osati onse ku tsamba loyamba. Musasinthe maonekedwe ndi kasanjidwe ka webusaiti pa nthawi yomweyo, kuti china chikavuta mudziwe chimene chayambitsa. Dziwitsani Google kudzera pa chida chosinthira adiresi, cha Change of Address, cha mu Search Console, lemberani eni mawebusaiti amene ali ndi malinki ofunika kwambiri kuti awakonze, ndipo kulozetsako kukhalepo kwa chaka chathunthu kapena kuposa, monga mmene Google imalangizira. Domeni yakaleyo pitirizani kuilipira ngakhale chakacho chitadutsa, chifukwa mukaisiya wina adzaitenga pamodzi ndi malinki ake ndiponso maimelo amene anthu akadali kutumiza kumeneko.